Mvula ya pa Mkuwa

Mayi Tjitske Boonstra salola munthu kuyankhula
mkuwa ukamira m'asidi.
Amawerenga mphindi ndi milomo yokha,
nthenga ya tsekwe ili m'manja,
akusesa thovu lophulika m'mizere
imene singano yawo inakanda pa phula.

Mphindi zinayi zikwanira dziko lakutali,
kumene nsanja ya tchalitchi cha Jorwert ili ngati kamunga.
Auvuula, autsuka, aphimba mbali imeneyo ndi vanishi.
Khumi ndi ziwiri za ngalande ndi ng'ombe zake.
Koma misondodzi ya patsogolo imagonamo
mpaka khofi atazizira m'kapu,
kuti inki ikapeze maenje akuya.

"Chakutali suchichepetsa ndi dzanja," amatero,
"umangouza asidi kuti adye pang'ono."

Ine yanga ndi inki.
Ndimaikankhira m'mizere yonse mpaka mkuwa uli bii,
Friesland yense usiku wopanda nyali.
Kenako nsalu yolimba, kenako chikhatho chenicheni,
kupukuta kumwamba mpaka kucha.
Ndikapukuta kamodzi mowonjeza, ndi masana a Julaye.
Ndikasiya kautsi kochepa, ndi Novembala,
nkhungu ikukwawa pamsipu,
ngakhale mizere sinasinthe ndi umodzi womwe.

Lachiwiri lija vanishi anandipatsa ine.
Ndinapaka mothamanga, moperewera pangodya,
asidi n'kubowola timadontho pamene sanaitanidwe.
Sindinanene.
Tinayala pepala lonyowa, mabulangete pamwamba,
ndinapukusa gudumu la makina, msana uli thukuta,
iwo n'kunyamula pepala ndi zala ziwiri
ngati akuvundukula bala.

Pamwamba pa nsanja, timadontho waa,
totuwa, topendekeka.

Anatenga galasi lokulitsa. M'chipinda munali zii,
kupatula njinga yodutsa pamiyala kunja.

"Ikaoneka chonchi kuchokera kunyanja,
bambo anga ankasiya buledi wolumidwa patebulo
kuthamangira udzu wouma kumunda.
Zaka makumi anayi ndayesa kuikanda ndi singano,
imatuluka ngati mpanda wa waya."

Sanandiyang'ane. Sanandithokoze.
Ananola pensulo, n'kulemba pansi kumanzere: 1/30.
"Mawa usapukute kwambiri pamenepo.
Mvula imafuna mdima woti igwere."

Madzulo ndinasamba m'manja katatu.
Inki inakana kuchoka m'zikhadabo,
ndipo ndikupalasa kubwerera ku Leeuwarden
inayamba kuwaza, yopendekeka, yotuwa,
ine n'kumaiwerengera mphindi.