Mng'alu wa pa Senga

Thanthwe linayasamula usiku wa Lachitatu,
mvula ya Febuluwale itatha masiku asanu osapuma.
Tinamva ngati lole ikukhuthula miyala kuseri kwa phiri.
Kutacha, pankhope ya Senga panali mzere
umene dzulo lake panalibe.

Dzinkambani anauona akupita kukagula petulo.
Sanakafike.
Anaima pamsewu, chigubu m'manja,
akuuwerenga kuchokera pansi mpaka pamwamba
ngati kalata yomuitana.

Za zingwe anaphunzira ku usilikali.
Anabwerako ndi bondo lolira, chikwama chobiriwira,
ndi matenda akewa
oti chilichonse choima chilili
mpaka achione pamutu.

Ine ntchito yanga ndi kuswa miyala.
Mwala ukamanama ndimaudziwa:
wabwino ukaumenya umati nge!
wovunda umangoti phu, ngati dzungu.
Ndinamenya nyundo patsinde la phompho.
Linati phu.
Ndinamuuza.
Iye akumanga mfundo m'chiuno, osandiyang'ana:
"Achimwene, inu gwirani chingwe basi."

Analowetsa dzanja.
Mkati mwake munali moyera mbee,
mopanda ndere, mopanda kangaude,
buluzi anali asanapondemo.
"Mukununkha machesi," anakuwa.
Nkhonya, phazi, nkhonya inanso,
phewa kukhuta ku thanthwe,
magazi pang'ono pamfundo za zala.
Mizu ya kachere inali lende, yoduka,
ikudonthabe mkaka.

Mbira zonse zinali zitasamuka.
Izi ndinaziona mochedwa.

Mchenga unayamba kundigwera m'maso,
kenako nsangalabwi,
kenako mwala ngati papaya
umene unadutsa pakhutu panga
n'kukathyola chinangwa cha eni ake kumunsi.
Amayi awiri anatula nkhuni pansi.
Wina anati, "Kodi kumwambako kuli uchi?"
Ndinati ayi.
"Nanga mbuzi yakodwa?"
Ayi.
Anandiyang'ana ine, osati iyeyo,
ngati wamisala weniweni ndi wogwira chingwe.

Patatsala mikono itatu kuti afike,
chimwala chachikulu ngati chitseko
chinasuntha pachifuwa pake.
Sanakuwe.
Anachibweza pang'onopang'ono
monga titsekera pakhomo mwana akagona.
Chingwe chinanjenjemera m'manja mwanga,
sindikudziwa ngati kunjenjemerako
kunkatsika kapena kunkakwera.
Ndinawerenga mpweya wanga kufika makumi anayi.
Ndinaganiza za mlamu Nachisale,
mawu amene ndikayambire pakhomo pake.

"Masulani pang'ono."

Anatsika.
Munthu amene sanabwererepo panjira
anatsika chafutambuyo, mwakachetechete,
kusiya kachitsulo kake kamodzi m'mwamba.
Atakhala pansi anandionetsa nkhonya:
"Pokwera inkathina bwino.
Potsika, malo omwewo, imalowa ndi kutuluka.
Chikukulabe chimenechi."
Anamwa madzi onse, anga omwe.

Patapita masabata awiri, masana dzuwa likuswa mtengo,
popanda mvula, popanda mphepo,
mbali yonseyo inagumuka.
Fumbi linafika mpaka kusukulu.

Tsopano ndi ine ndimakhala pamenepo.
Sindinapezepo miyala yosavuta chonchi:
yosweka kale, yoyera, yongofuna nyundo yaing'ono.
Ndimagulitsa pa wilibala.
Kachitsulo kaja ndinakapeza kataphwanyika,
ndimamangirira makiyi.

Njira imene anakwera munthu mmodzi, kamodzi,
osaimaliza,
ili m'maziko a golosale ku Kaphatenga,
ina m'chimbudzi cha tchalitchi.
Dzinkambani akabwera ndi njinga yake
amatola mwala, kuutembenuza,
"Apa ndiye panali phazi lamanzere."
Amanama, sangaudziwe.
Komabe ndimaupatula pambali.

Ndipo ndikaweramuka kuti ndipume
ndimamupeza maso ali m'mwamba,
pankhope yatsopano ya phirilo,
pamene kamzere kena, kochepa ngati ulusi,
kayamba kuda.