Pijo ya a Zuze

Pa Ngabu dzuwa silidikira masana.
Pofika naini koloko phula layamba kale kununkha,
ife tili pa matayala akutha
pansi pa msawu wa pagalaja ya Alufandika,
kukangana za galimoto zimene sitidzagula.

Bizeki ndi wa Toyota mpaka m'mafupa.
Akuti, "Siyenta ya Nyathando ija
anailembera anthu asanu ndi awiri,
koma dzulo yakwera Thabwa ndi khumi ndi mmodzi,
mbuzi ziwiri, thumba la mapira pamwamba,
osatsokomola ngakhale kamodzi.
Mjapani ameneyu kwawo ndi kuno, sakudziwa chabe."

Fulukiya alavula khoko la nzimbe.
"Iwe umakonda bulu poti sadandaula.
Galimoto ndi Benzi.
Chitseko chake chimatseka ngati mawu a munthu wopanda ngongole."
Benziyo amaidziwa bwino,
amaionera pa foni yong'aluka galasi
m'nyimbo za anyamata a m'tauni
ovala magalasi akuda usiku.
Tikamufunsa kuti ingadutse bwanji mchenga wa Nyakamba,
amati vuto si la Benzi, ndi la msewu.

A Zuze safulumira kuyankha.
Pijo yawo ili paseli pa galaja, pa njerwa zinayi,
kuyambira chaka chimene madzi analowa m'misika.
Nkhuku yaikira pampando wakumbuyo.
Loweruka lililonse amabwera ndi kansalu
kudzapukuta kamkango ka patsogolo.
"Mfalansa ankapanga galimoto ngati akusoka jekete la ukwati.
Zanu za lerozi zikadwala
makaniko amapita kukafunsa kompyuta."
Akatero amangokhala chete.
Tonse tikudziwa kuti inanyamula thonje zaka khumi ndi zisanu,
inanyamula Anyezi tsiku la ukwati, atavala zoyera,
inadzawanyamulanso kuchokera ku chipatala
atagona, osadandaula za mabampu.

Lachinayi lapitali kunaima galimoto yakuda, yotsika ngati fulu,
nthunzi ili tolotolo pa boneti.
Munatuluka mnyamata wa tsitsi lofiira,
akuti ndi woimba, Fulukiya anamudziwa pompo
mpaka nzimbe inamugwa m'manja.
Pamene Alufandika ankathira madzi mu redieta
mnyamatayo anazungulira kuseli kukataya madzi,
ndipo tinangomva akukuwa:
"Bweretsani kamera! Madala, iyi ndiye galimoto!"

Nkhuku anaithamangitsa.
Atsikana awiri anafuna kukwera pa boneti,
a Zuze anati avule kaye nsapato, ndipo anavula.
Fulukiya anaima patali
kuyang'ana Benzi yake ikuwira yokha padzuwa
popanda woijambula.

Atatha, mnyamatayo anatulutsa ndalama.
A Zuze anapukusa mutu.
"Ingoikanimo kulira kwa injini yake m'nyimbo mwanumo."
"Madala, ikulira kodi?"
Alufandika anayang'ana pansi.
Injiniyo anaigulitsa yekha zidutswazidutswa
kwa anthu a zigayo, chaka cha njala.

A Zuze anatsegula chitseko, nakhala pa chiwongolero.
Anaponda kilatchi yomwe sigwira kanthu.
Kenaka, ndi milomo yawo yomwe,
anailiza.
Inayamba mokakamira, monga inkachitira m'mawa wa mu Juni,
inakoka, inadutsa Nchalo, minda ya nzimbe ili mbali zonse,
inawoloka Shire pa mlatho,
inayamba kukwera phiri,
mawu akulemera pa kona iliyonse,
dzanja lawo lamanzere likugwira mpando wopanda munthu
kuti wokhalapo asagwedezeke.

Palibe anaseka.
Wa kamera anaiwala kuti dzuwa likumuwotcha khosi.

Itafika pamwamba anaizimitsa, napukuta thukuta.
Tinakhala chete mpaka nkhuku inabwerera pa mazira ake.
Ndipo Bizeki, motsitsa mawu,
anati, "Komatu pa kona yachitatu paja
munachedwa kusintha giya.
Toyota sikanalira choncho."