Sikisi

Bokosi lidafika Lachiwiri, chipale chofewa chikugwa mu Krakow,
lakuda, lolemera, lomangidwa ndi riboni.
M'katimo mudali juzi ya saizi yanga
(saizi yanga adaidziwira kuti?),
kachidole ka msilikali wa m'gemumo,
botolo la vinyo, ndi kakalata:
"Wokondedwa Radomir, sewera, usangalale.
Usasindikize kanthu lisanafike Lolemba.
Za gawo lachitatu usatchule."

Ndidasewera mausiku atatu osaphethira.
Hatchi yanga idalowa m'khoma,
kunja kudatsala mchira wokha, ukugwedera.
Mlatho udazimiririka ine ndili pakati pake.
Pa gawo lachitatu sikirini idada bii,
maola khumi ndi limodzi adapita ngati utsi.
Komabe, ndinene zoona,
pali pena pamene mayi wa m'gemumo
amapesa tsitsi la mwana wake m'sitima yophwanyika,
ndipo ndidachotsa zala pa mabatani
kuti ndipukute m'maso.
Ndidalemba za hatchiyo, ndidalemba za mayiyo.
Pansi pake ndidaika sikisi.

Lachisanu mkonzi wanga Dobroslawa adandiitana.
Sadakalipe. Bola akadakalipa.
Adangotembenuza kompyuta kuti ndione ndekha:
tsamba lathu kumanzere, kumanja, pamwamba,
lonse litavala nkhope ya msilikali uja.
"Iyi ndi lendi ya ofesi mpaka Epulo," adatero.
"Awa ndi malipiro a Ksawery, mkazi wake ndi woyembekezera.
Eyiti si bodza lalikulu, Radek.
Akuti akonza zonse mwezi wamawa."

Mwezi wamawa.
Koma ndalama za anthu ayamba kulandira mkucha.

Madzulo, m'sitima ya mumsewu yopita ku Nowa Huta,
anyamata awiri adaweramira foni yong'aluka galasi.
Wina adati, "Ndasunga ndalama kuyambira Okutobala,
ndidikira ndimve zimene Wieczorek anene."
Mnzake adaseka mpaka kutsokomola:
"Onsewo adagulidwa kalekale, iwe.
Galu sauwa amene wamuponyera fupa."
Sadandidziwe. Ndidakoka zipi ya jekete mpaka pakhosi,
chifukwa m'kati ndidali nditavala juzi ija.
Ndi yofunda, ndisaname.

Lolemba idatuluka, sikisi yemweyo.
Dobroslawa adadina batani yekha, osandiyang'ana.
Pofika masana ndidali wansanje,
nkhalamba yosadziwa kusewera,
wodya ndalama za kampani ina.
Wina adanditumizira chithunzi cha chitseko changa.
Zonsezo ndidazimeza.

Chimene chidandikhala pakhosi ndi kalata ya Milena,
amene adajambula manja a mayi uja:
"Miyezi isanu ndi iwiri ndagona pansi pa desiki.
Adatilonjeza bonasi malikisi akafika eyiti.
Simudaname, ndikudziwa.
Hatchiyo tidawauza akuluakulu mu Juni.
Ndangofuna mudziwe kuti sikisi wanu wagwera ndani."
Ndidayamba kumuyankha kanayi.
Mpaka lero yankho lili m'foni, mizere iwiri.

Nkhope ya msilikali idachoka pa tsamba lathu,
padatsala mabowo oyera ngati mano oguluka.
Ksawery tsopano amalemba timakalata ta kampani ina yamagemu,
timakalata toyamba ndi "Wokondedwa".
Tikakumana amandipatsa moni bwinobwino,
amandionetsa zithunzi za mwana.

Mabokosi adasiya kubwera.
Mu Malichi ndidaima pamzere ndi anthu onse,
ndidatulutsa ndalama zanga, ndidawerenga chenji.
Nkhani yanga idatuluka patatha sabata,
anzanga atagawa kale manaini awo,
ogula atagula, odandaula atayamba kudandaula.
Adaiwerenga anthu ochepa.
Mwina mmodzi mwa iwo ndi mnyamata wa foni yong'aluka,
mwina adagula gemu ija Lolemba lomwelo
asanatsegule n'komwe tsamba lathu.
Sindidzadziwa.

Vinyo uja ndidampatsa mlonda wa pansi.
Kachidole kali pawindo, kakuloza mfuti ku msewu.
Juzi ndidati ndibweza,
ndidagula ngakhale envulopu yaikulu,
koma chaka chino kuzizira kwachedwa kutha.