Kakapu ka ku Moatize

Lole inafa Lachiwiri, titangowoloka Zambezi,
matumba a feteleza mazana asanu ali kumsana.
Bwana pafoni anati, dikira, chitsulo chikubwera.
Ndinadikira.
Ku Moatize dzuwa silituluka, limakugwera pamutu,
fumbi la malasha limalowa mpaka m'mano.

Tsiku loyamba ndinapempha khofi pakaokala ka m'mbali mwa msewu.
Mtsikana anang'amba kapepala, nathira madzi ofunda,
shuga masipuni anayi osandifunsa.
Ndinameza ngati mankhwala a malungo.
Lachiwiri lake, kuhotela ya magalasi,
mlonda anayamba wayang'ana patapata wanga, nkhope pambuyo.
Mtengo wa kapu imodzi unali ndiwo za sabata.
Ndinabwerera kunsi kwa lole kukawerenga matayala.

Fungo linandipeza lokha, tsiku lachinayi, tambala asanatope.
Ndinalilondola ngati galu,
kudutsa amayi oyala malambe,
mbuzi ziwiri zolimbirana katoni,
mpaka kuseri kwa shedi ya omata machubu,
kumene Bambo Zefaniya Chaguluka
ankakazinga njere pachivundikiro cha mgolo,
akutakasa ndi sipoko ya njinga.

Sanandifunse dzina.
Anasinja mukamtondo kotsukira adyo,
nathira mukaketulo ka chiuno ngati mavu,
kopindika mbali imodzi, kamene anati n'kakale kuposa mlatho.
Kanatsokomola, kanalira, kanakhala chete.

Kakapu kake! Chala chachikulu sichikanalowamo.
Ndinaseka. Iwo sanaseke.
Anati, usathamange, mlendo, lole yako yafa kale.
Iwo Chinyungwe, ine Chichewa,
tinakumana pakati, mawu ena n'kugwera m'madzi.

Kuwawa kunabwera poyamba,
kenaka china chake ngati mtedza wopserera pang'ono,
ngati dothi litalandira mvula yoyamba,
kenaka, kumapeto kwa lilime, amayi anga.

Amayi anathyola khofi ku Thyolo zaka khumi ndi ziwiri,
dengu kumimba, mchimwene wanga kumsana,
zala zomata ndi utomoni wa zipatso zofiira.
Kapitawo ankayeza, iwo n'kudinda chala.
Sanalaweko.
Ankati ndi chakumwa cha anthu osagona chifukwa cha ndalama.
Ine ndinamwa m'malo mwawo, m'dziko la eni,
nditakhala patayala lakutha,
thukuta likuyenderera m'makutu.

Mmawa uliwonse ndinkabwera.
Ndalama anakana.
Anangoloza sipanala yanga ya naintini,
imene ankaiyang'ana chifikire.

Chitsulo chinafika tsiku lachisanu ndi chinayi, pamutu pa kondakitala.
Potsanzikana anandifumbatitsa njere mubotolo la mafuta a buleki,
lotsukidwa katatu, anatero, mwina kanayi.

Pa Zobue wapolisi analitsegula, nanunkhiza,
nakhala nalo nthawi yaitali kuposa pasipoti.
Kumbuyo malole akuimba mahutala.
Anafunsa motsitsa mawu: kuseri kwa shedi iti?