Waya wa Malisiti

Chaka chatha ndinalipira kawiri msonkho umodzi.
Palibe anandibera.
Sukulu ya ku Chilomoni, pondilipira za mafelemu a mawindo,
inadula kale gawo la boma
n'kundipatsa kapepala ka chidindo chofiirira.
Kapepalako mnyamata wanga Chikumbutso,
dzina lokhalo,
anakulungira zitumbuwa ziwiri.
Chimodzi ndinadya ndine.

Ku Msonkho House mayi wa magalasi sanakalipe.
Anangotambasula dzanja:
"Umboni, a Nampota."
Ndinakhuthula jumbo ya shuga patebulo pake.
Malisiti a penti, a ndodo zowotcherera, a mayunitsi a magetsi,
ena atamatana ndi chinyontho cha chiperoni,
ena atayera mbee ngati sanalembedwepo,
poti inki ya makina amasiku ano
sichedwa kuthawa thukuta la m'thumba la ovolosi.
Kuseri kwa lina kunali nambala ya foni
ya munthu amene sindimukumbukanso.

"Ine ndakumvani," anatero mayiyo,
"koma kompyuta ilibe makutu."

Ndinabwerera ku Ndirande wapansi.
Ya minibasi ndinaisunga.
Phiri linkandiyang'ana ndi dazi lake,
ine ndikuwerenga m'mutu zitseko zingati,
mageti angati, maso ofiira usiku ungati
zapita ndi chitumbuwa chimodzi
chimene sichinali chotentha n'komwe.

Madzulo amenewo ndinawotcherera chinthu chaching'ono
kuposa zonse ndinapangapo:
waya wosongoka, woima chilili pa kachitsulo kaphanthiphanthi.
Ndinauika pawindo, pafupi ndi wailesi.
Lamulo ndi limodzi:
lisiti lisanalowe m'thumba, libayidwe.

Loweruka likafika, makina atazizira,
mayi a Akuzike amazula mapepala onse pawayapo
n'kuwamata m'kope la masamu lachikuto chobiriwira.
Kumanzere zolowa, kumanja zotuluka.
Timakangana.
Iwo amati fanta wa kasitomala si chida cha ntchito.
Ine ndimati kasitomala waludzu sagula geti.
Amapambana ndi iwo, amene agwira cholembera.
Akuzike amajambula tsamba lililonse pafoni
inki isanayambe ulendo wake,
akudandaula kuti malo a zithunzi zake akutha.

Si ntchito yokoma, ndisaname.
Pali masiku magetsi azima kuyambira m'mawa,
palibe cholowa, dzanja lalemera,
ndipo kulemba ziro pa kandulo kumawawa
kuposa kuthetheka kwa moto m'diso.
Koma ndimalemba.
Ziro nayenso ndi mboni.

Mwezi wa Okutobala mbewa inadya ngodya ya Epulo.
Tinagula chitini cha mabisiketi.
Mabisiketi anadya ana, chitini n'cha boma.

Lero ndapitanso.
Mzere unafika pamasitepe,
patsogolo panga mkulu wa tayi akusanthula chikwama
ngati nkhuku pa dzala,
kumbuyo kwanga mayi wogulitsa matayala ku Limbe
akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda.
Ine kope m'khwapa, phee.

Mayi wa magalasi uja anatsegula tsamba ndi tsamba,
chala chake chikutsika ngati nyerere pakhoma.
Anachotsera zitsulo. Anachotsera lendi ya shedi.
Anafika pa mapepala atatu a zidindo zofiirira,
osalala, opanda dontho la mafuta,
n'kuchotseranso.
Nambala imene inatsala pansi
ndinaiyang'ana kawiri,
n'kufunsa ngati sanaiwale kanthu.
"Amene sanaiwale ndinu," anatero. "Wotsatira!"

Ndakwera minibasi, mpando wakutsogolo.
Ndatsikira pa sitolo ya magalasi.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikupangira anthu mawindo,
langa lakuchipinda likadali lotseka ndi katoni.

Pofika pashedi ndapeza Chikumbutso
atagwira chitumbuwa m'pepala.
Asanalume walitembenuza,
wawerenga kutsogolo, wawerenga kuseri,
kenako wandionetsa:
"Ndi nyuzipepala, bwana. Ya chaka chatha."