Nkodolero

Lachisanu usiku, ofesi ya khonsolo ku Preston.
Magetsi a m'khonde azima okha,
ndatsala ndi phokoso la seva
ndi tiyi amene Imogen Threlfall wamuiwala pambali pa kiyibodi.

Nkhokwe yathu ya deta inaleredwa mwachisasati.
Zaka khumi ndi zinayi yakhala ikumeza osatafuna:
dzina likatalika imadula mchira mwakachetechete,
pa sate Febuluwale imati fikani, khalani pansi,
pomwe munthu sanayankhe imalembapo ziro
ngati kusadziwa ndi kusakhala nacho n'chimodzi.

Kapepala ka Imogen kakuti lero iphunzire mwambo.
Yatsa lamulo lokhwima.
Mitengero iwiri ikhale ya mayina a mizati,
umodzi wa mawu a anthu,
monga mwa muyezo womwe anagwirizana akuluakulu
amene lilime lawo silinagundepo dzina langa.

Ndasintha mzere umodzi m'fayilo.
Umodzi basi. Ndazimitsa, ndayatsanso.

Olipira msonkho wa nyumba akulowa mwandondomeko,
msewu ndi msewu, Deepdale, Ribbleton,
mpaka skirini yafiira.
Yaima pa Mang'
pomwepo.
Yaona nkodolero, yayesa chitseko chatsekedwa,
anda watsala panja pamvula.

Ndi ine ameneyo. Nambala naini, chipinda chapamwamba,
ndinalipira mwezi watha, lisiti ndili nalo.

Kale ankatibisa kuseri kwa kamzere kopendekera,
kachinyengo ka pakhomo kamene nkhokwe inkatsinzinira.
Muyezo sukadziwa kamzereko.
Ukuti: ukafuna nkodolero imodzi, lemba ziwiri,
yoyamba iperekeze inzake.

Ndafufuza ena ogwa nane m'dzenjemo.
O'Hagan wa pafupi ndi doko, D'Souza, mayi wina N'Diaye,
tilipo mazana atatu ndi asanu ndi awiri,
mtundu wa anthu opumira pakati pa dzina.
Sitinaonanepo, kapena tinakhalapo basi imodzi.

Ndatilemba kawirikawiri tonse.
Yatilandira, yatisunga ndi imodzi,
monga bambo anga ankalembera pachikuto cha kope langa ku Ntcheu,
akukanikiza bolopeni mpaka pepala kuboola.

Kwatsala mazana asanu obadwa tsiku lomwe kulibe,
amenewo ndi a Lolemba.
Ndatsuka kapu ya Imogen.
Basi yomaliza yandisiya,
ndiyenda wapansi, dzina lonse lili m'thumba.