Makumi Anayi ndi Mmodzi

Yanga ntchito ndi chiwongolero ndi kuwerenga mitu.
Zolankhula ndi za Godelieve.
Iye ndiye adziwa zaka ndi mayina a magulu a nkhondo,
adziwanso potsitsa mawu
kuti anthu aleke kukhwekhweretsa mapepala a mabisiketi.

Tinanyamuka pamsika wa Ieper mvula ikuwaza.
Makumi anayi ndi mmodzi. Ndinawerenga kawiri.

"Kumanzere kwanuko kunali maenje obisalamo asilikali."
Onse khamu kumawindo, basi mpaka kupendama.
Akuona munda wa mbatatesi.
Ndi wa amalume anga, a Remi.
Chaka ndi chaka khasu la thirakitala limawafukulira mabomba adzimbiri,
amawanyamula ngati khanda logona
n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu kuti odziwa adzatole.
Amati nthakayi inameza zambiri,
ikubzikulabe.

Ku Tyne Cot ine sinditsika.
Miyala yoyera mbee yandanda mizeremizere
ngati ana asukulu oiwalidwa pa asembule.
Ndikudya buledi ndi tchizi, maso ali pagalasi:
mkulu wa ku Canada, Hollis Treadwell,
kapepala kopindapinda m'manja,
akuyenda mzere ndi mzere
ngati mlendo wofuna nyumba ya m'bale m'tauni yachilendo.
Ataupeza anavula chipewa, dazi n'kumanyowa.
Manja ake anasowa chochita.
Anamatula tsamba lomwe linakakamira pamwalapo,
basi, n'kubwerera.

Makumi anayi ndi mmodzi.

Ku Langemark miyala ndi yakuda, yogona pansi pa mitengo ya thundu,
mwala umodzi mayina angapo,
anyamata ofunda bulangete limodzi.
Kuno ndi kwa Ajeremani.
Ena satsika, ati mawondo.
"Mphindi makumi awiri," anatero Godelieve.

Nthawi itakwana ndinawerenga: makumi anayi.
Ndinayambira kumbuyo. Makumi anayi.
Pampando wachisanu ndi chiwiri patsala mpango wokha
wa mayi uja wosayankhula tsiku lonse,
woyankha ndi mutu kuti lilime lisamuulule kwawo.

Ndinamupeza pamanda a chiunjikire,
chala chikutsika mayina osindikiza pachitsulo.
Irmtraud, ndilo dzina lake pamndandanda wanga.
"Sindidziwa ngati ali muno," anatero osacheuka.
"Mng'ono wa agogo anga aamuna. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
M'kalata yomaliza anapempha masokosi."

Ndinayang'ana wotchi. Ndinachita manyazi kuti ndayang'ana.

Kumbuyo kwathu miyala yam'njira inalira:
Treadwell, ambulera yothyoka nthiti imodzi.
Sanamufunse mayiyo kuti ndi wa kuti.
Anangomuphimba, phewa lake la iye mwini lili pamvula.
Patapita kanthawi anati, "Wathu anapempha fodya.
Sankasuta n'komwe pochoka kunyumba."
Mayiyo anaseka, kuseka kotsamwa,
n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

Tinachedwa ndi theka la ola.
Wina kumbuyo anadandaula za supu yozizira kuhotela.

Madzulo, nthawi ya eyiti, onse ali pachipata cha Menin
kumvera malipenga pansi pa khoma la mayina a osapezeka.
Ine ndinawamva kokwanira ndili mwana.
Ndimatsala ndi tsache.
Pansi pa mipando pali matikiti, chivindikiro cha botolo,
magalasi a munthu wina,
ndi matope, matope ambiri a ku nsapato,
oyerera a uku ndi akuda a uko, osakanikirana pakhomo pa basi.

Amenewa sinditaya m'bini.
Godelieve amandiseka, koma ndimawawolera m'chitini,
popita kwathu n'kuwakhuthula m'mphepete mwa munda wa amalume.
Simungadziwe muli yani.

Malipenga atha. Akubwera, mapewa onyowa, akuyenda chinunu.
Ndaima pakhomo, milomo ikugwedera yokha.
Makumi atatu ndi asanu ndi anayi,
makumi anayi,
ndipo patali, pansi pa ambulera yopindika,
akubwera pang'onopang'ono.
Ndalakwitsa penapake: akubwera awiri.
Ndiyambirenso.